Udzu wa Mbira za Triza

Sikisi koloko isanakwane, a Mtisunge ali kale kumtsinje, akumweta udzu. Dengu lawo lothyolera tiyi latsamira pamtengo, kudikira nthawi ya ku esiteti.

Mbira ziwiri zinafika pakhomo pawo m'katoni, kuchokera kwa alongo awo ku Luchenza. Mwana wawo Triza, amene anangoti zii chimwalirireni bambo ake, anaziyalira chiguduli kukhitchini n'kuyamba kucheza nazo.

"Izitu si ndiwo, amayi."

"Ndamva, make mbira," anaseka a Mtisunge, mtima uli m'malo poti mwana walankhula.

Tsiku lina poweruka atatopa, a Mtisunge anazulira mbirazo udzu m'mphepete mwa munda wa tiyi, osadziwa kuti munali mutapoperedwa mankhwala. Kutacha, mbira imodzi inapezeka itauma. Triza sanalire, anangobwerera kukhala chete kuja.

N'chifukwa chake masiku ano a Mtisunge amalawirira kumtsinje, kumene opopera safika. Nditawapeza kumeneko potunga madzi, anandigwira mkono.

"Make Angella, mukamva kuti wina ali ndi mbira yaimuna mundiuze, chonde. Yatsalayi ikungodya pang'ono, yasungulumwa. Ikapitanso imeneyi, mwana wangayu adzalankhula ndi ndani?"