Khutu la ba Dyton

Ba Dyton Mbewe analibe mawu okoma. Ankasasa ngati munthu wa chimfine. Koma ku Chawama tonse tinkati munthuyu ali ndi khutu, ndiye kuti nyimbo akaiyamba sikwera mopitirira, sitsikanso mopitirira. Aliyense amakwanamo.

Masiku amenewo tchalitchi chathu chinalibe kiyibodi. Woyambitsa akakweza, azimayi ankathera panjira. Akatsitsa, azibambo ankangong'ung'udza. Ndiye tinkadikira ba Dyton. Ngakhale pa lole yopita kumanda ku Chingwere, injini ikulira, fumbi lili m'kamwa, iwo ankayamba ndipo lole yonse inkalowa bwinobwino.

Ankagwira ntchito yodula zitsulo ku mafakitale a ku Industrial. Zaka makumi awiri za phokoso zinawadya makutu.

Tinazindikira pa maliro a Petros, mnansi wawo. Ba Dyton anayamba nyimbo pamwamba kwambiri. Tinayesa kutsatira, pa mzere wachitatu nyimbo inafa. Akazi awo, ba Emelda, anaiyambanso pansi osawayang'ana.

Akulu a mpingo anatuma ine kukawauza kuti asiye. Ndinawapeza akukonza njinga. Ndinachita kufuula kuti khutu lawo latha, moti khomo loyandikana linamva.

“Ba Dyton, khutu yasila.”

“Niziba,” anatero. “Ninaona makosi yanu. Munali monga nkhuku zameza mwala.”

Sanayimbenso pagulu. Ndinkaganiza kuti asiya kubwera, popeza kuyambitsa nyimbo ndiye unali udindo wawo wokha. Sabata lotsatira anabwera, nakhala kutsogolo chammbali, atatembenukira azimayi. Woyambitsa watsopano anakweza. Ba Dyton anaona mitsempha itatuluka m'makosi, anatsitsa dzanja pang'ono. Woyambitsa anatsika. Akaona azibambo agwetsa zibwano pachifuwa, ankalikweza. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, osamva kanthu. Sindikumbuka tsiku limene dzanjalo linatinamiza.

Kiyibodi itabwera, achinyamata anati ntchito ya mdala yatha. M'tchalitchi inathadi. Koma kiyibodi sikwera lole.

Ba Dyton anamwalira chaka chatha, mwezi wa Juni. Kumanda mtsikana wina wa kwaya anayamba nyimbo pamwamba. Ndinaona anthu akale akuyang'ana uku ndi uku, inenso ndinayang'ana. Kenaka ba Emelda, ali chikhalire pansi pafupi ndi bokosi, anatulutsa dzanja m'chitenje nalitsitsa pang'ono.

Mtsikanayo anatsika. Tinaimaliza nyimboyo, mavesi onse anayi.