Mfundo Yofiira mu Mpendero

Kuseri kwa laibulale ya yunivesite kunali kachipinda ka zenera limodzi, konunkha mankhwala a njenjete. M'menemo ndi momwe a Telala anakalambira. Ntchito yawo inali yosamala mikanjo yakuda imene ophunzira amavala tsiku lolandira madigiri: kuisita, kuiika zigamba, kuibwereketsa. Iwo sukulu analekezera ku pulayimale, koma ankakonda kunena kuti, "Digiri iliyonse ya pano imayamba yadutsa pansi pa simbi yanga."

Ophunzira anali ndi mwambo wawo. Aliyense asanabweze mkanjo ankasokerera mfundo imodzi ya ulusi wofiira m'kati mwa mpendero. Ankati mkanjo wa mfundo zambiri umapezetsa ntchito msanga, choncho ankaulimbirana. A Telala ankangoseka. "Mwayi ukanakhala mu ulusi, bwenzi ine ndili bwana," ankatero, kwinaku akuwapatsira singano.

Chaka china kunabwera mtsikana wamfupi wophunzira za unamwino. Mikanjo yonse inkamukwekwereza pansi.

"Agogo, ndikagwatu pamaso pa anthu," anatero akuseka.

"Imani bwino, mayi, ndiupinde."

Anaupinda, naupachika padera. Kutatsala masiku anayi kuti mwambo wolandira madigiri uchitike, mtsikanayo anamwalira pa ngozi ya minibasi.

Mwambo utatha, anthu akujambulitsa panja, pakhomo la kachipindako panaima bambo wina wovala jekete lothina m'mapewa, envulopu yaikulu ili m'manja. Anali bambo ake a mtsikanayo, atamulandirira digiri.

"Pepani, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu anandiuza pa foni kuti munamupindira chovala. Ndimati ndingochiona."

A Telala anautsitsa mkanjowo nauyala patebulo. Bamboyo anausisita, napeza mfundo zija, nafunsa tanthauzo lake. A Telala anawafotokozera.

"Ndiye kuti yake palibe," anatero bamboyo.

A Telala anatulutsa singano ndi ulusi wofiira, napatsa bamboyo. Manja a bamboyo anali okhakhala, a munthu woumba njerwa, moti ulusi unakana kulowa pa singano. A Telala anawalowetsera. Mfundo imene bamboyo anamanga inali yaikulu, yokhota. Potuluka, bamboyo anawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

Kuyambira pamenepo ophunzira anayamba kuuthawa mkanjowo. Ena ankati umalemera ngati wanyowa, ena ankati woukhudza amalephera mayeso. Akuluakulu a ofesi atamva anauza a Telala kuti angoutaya.

"Chovala sichipha munthu, bwana," anayankha. "Chilekeni chikhale."

Chaka ndi chaka ankausita pamodzi ndi inzake. Akabwera wophunzira wamfupi, ankamuuza mbiri yonse osabisa kanthu, n'kumusiya asankhe yekha. Zaka zisanu zinatha onse akupukusa mutu. M'chaka chachisanu ndi chimodzi kunabwera mayi wa ana atatu amene anabwerera kusukulu atakula. Anamvetsera mpaka kumapeto, napukuta misozi ndi chala.

"Ndipatseni, bambo. Nawo ukaone anthu."

A Telala anaima kumbuyo kwa holo tsiku limenelo, koyamba m'zaka zonsezo, kuti amuone akukwera pa nsanja.

Patapita zaka ziwiri maso awo anachita ng'ala ndipo anapuma pa ntchito. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawathandiza kunyamula katundu. Zonse zinakwana m'chikwama chimodzi: sizasi, tepi yoyezera ndi kapu yawo ya tiyi.