Mtundu Wachinayi Umene Sindinalembe

Nkhondo ili mkati, apadiri, ansembe athu a ku Ulongwe, anandipatsa kompyuta kuti ndilembe pulogalamu yosunga mayina a akhristu m'chinenero cha makompyuta cha C. Dzina lililonse linali ndi chizindikiro chouza makina mtundu wake: alipo, anathawira ku Dedza, kapena anamwalira. Mtundu wachinayi, wa osowa, ndinachita nawo ulesi, poti ndikanayenera kukonzanso paliponse pamene pulogalamu imafunsa chizindikirocho. Osowawo ndinangowaponya kwa akufa.

Lisita ya mayinayo itamatidwa pakhomo la tchalitchi, amayi ena, a Rozariya, anandilondola.

"Aphunzitsi, mtembo wa mwana wanga Domingo munauona?"

"Makina alakwitsa, mayi," ndinatero, maso ali pansi.

Koma Lamlungu lotsatira anabwera atavala zakuda. Domingo sanabwererebe mpaka lero, ndipo sindidziwa ngati anamulira ali moyo.