Takumba ngalande yokwera chitunda

Lachiwiri lapitali ndinapeza mlongo wanga Esinati ali m'ndime yake ya mpunga ndi ndowa, akuthirira mbande ngati ndi mpiru wa kudimba. Nthaka yang'ambika mpaka kulowa chala. Mbande zimene anawokera masabata awiri apitawo zayamba kufiira kunsonga, ndipo zikauma, chaka chino kunyumba kwake kulibe mpunga.

Chondipsetsa mtima n'chakuti madzi alipo. Ali chapomwepo, angoima chilili m'ngalande yatsopano, achule akuimbiramo.

Mwezi watha ife alimi a kumapeto kwa kasikimu kathu ka ulimi wothirira, kuno chakufupi ndi Lifuwu, tinagwirizana kukumba ngalande yofikitsa madzi ku ndime zathu. Kachitidwe kathu mukukadziwa: ngalande imatsata malire. Palibe amene amalola khasu kudula ndime yake, ngakhale phazi limodzi. Ndiye timakhoma zikhomo m'malire, kukhota uku, kukhota uko, choyezera chathu ndi diso.

Esinati ali ndi mwana wamkazi, Tadala, amene ali chaka choyamba kukoleji, akuphunzira uinjiniya wa madzi. Anali pa holide. Tsiku lokhoma zikhomo anabwera ndi payipi yaitali yoonekera mkati, ataidzaza madzi. Mutu wina anandigwiritsa ine, wina n'kugwira yekha. Anandiuza kuti madzi a m'payipimo amaima mofanana mbali zonse ziwiri, choncho ukayeza kuchokera pomwe aimapo kufika pansi, umadziwa pokwera ndi potsika. Tinayenda mzere wonse, iye akulemba m'kope.

Atamaliza anakagwada pamaso pa a Jafali, wapampando wa komiti yathu.

"Pepani a tcheya, pa mtengo wa mango paja m'pokwera kuposa komwe madzi akuchokera. Sadutsa. Ngalande ikanalowa pang'ono chakumanzere, m'ngodya ya ndime iyo."

Tsoka ilo, ndime iyo ndi ya a Jafali omwewo.

"Iwe mwana," anatero, "ine ndinayamba kulima mpunga amayi ako asanamere mano. Madzi amaphunziridwanso? Akafika pamenepo akankhana okha, inshallah."

Anthu anafa nalo phwete. Wina kumbuyo anafuula kuti chaka chamawa atumiza mwana wake akaphunzire mpweya.

Nanga ine, amalume ake, amene ndinagwira payipi ndi manja angawa? Ndinamunong'oneza kuti, "Tadala, akuluakulu akayankhula sitibwezera." Ndikulemba izi ndi manyazi, ndipo mkwiyo wanga ukuyambira pa ine ndemwe.

Tinakumba masiku asanu, manja mpaka matuza. Tsiku lotsegula, madzi anabwera bwinobwino, amayi akululutira, anafika pa mango paja n'kuima. Tinawadikira kuti akankhane. Mpaka lero sanakankhane.

Abale anga, kodi ana timawatumiziranji kusukulu? Mwana akasankhidwa kukoleji timapha mbuzi, timavina, timauza mudzi wonse kuti kwathu kwatuluka injiniya. Akabwera nazo nzeruzo timati khala pansi, umwini wa nkhani suli pa iwe. Tikufuna satifiketi yopachika pakhoma, koma mwini wake akhale duu.

Si ngalande yokha ayi. Yendani kuchoka kunyanja kuno mpaka ku Chitala, muwerenge nokha zitsime zokumbidwa kumunsi kwa chimbudzi chifukwa pamenepo m'pomwe panali pafupi ndi khomo la munthu wolemekezeka. Ana akatsegula m'mimba timasaka mfiti. Tili m'mbali mwa nyanja yaikulu chonchi, koma madzi timawadziwa pomwa ndi posamba basi.

Mawu a akulu amakoma akagonera, zimenezo sindikana. A Jafali amadziwa mpunga kuposa tonsefe. Koma akulu omwewo anatinso safunsa anadya phula. Madzi sadziwa kuti uyu ndi tcheya. Amapita kotsika.

Tsopano imvani zimene komiti yagamula. Yati ilemba kalata yoitana katswiri wa ku boma adzaone vuto. Adzabwera pa galimoto, atavala jombo, adzaloza mango omwe aja, ndipo tidzawomba m'manja. Adzabwera liti? Mbande za Esinati sizifika Lamulungu likubwerali.

Dzulo ndinamuimbira Tadala kukoleji kuti ndipepese. Sanandinyoze.

"Amalume, kope lija lili m'basiketi ya amayi. Ndi mapazi makumi awiri okha okumba, tsiku limodzi mwatha." Kenako anawonjezera kuti, "Koma ine ndikamaliza sukulu ndidzafuna ntchito kutali. Kwathuko ndilibe pakamwa."

Loweruka m'mawa ndikupita kwa a Jafali, kope kudzanja ili, khasu kudzanja ilo. Akafuna andithamangitse. Inu amene munaseka tsiku lija, ndime zanu zikuumanso pamodzi ndi ya mlongo wanga. Mubwera ndi makasu, kapena mudikira wa jombo adzakuuzeni kuti mpunga wanu unafa ndi ludzu?