Mpando wa Mlongo Wanga

Alamu anga timawatchula a Chinunkha, ndipo dzinalo ndinawapatsa ndine. Ntchito yawo ndi kukonza mipando yakalekale, ija yolemera ngati ng'ombe. Guluu wa m'sitolo samukhudza. Wawo amaphika okha m'kachitini, wa zikopa ndi ziboda. Fungo lake, abale, ngakhale ntchentche zimatsanzika. Mlongo wanga atalola kukwatiwa nawo ndinamufunsa ngati mphuno zake zimagwira ntchito. Anandigenda ndi tsache.

Mipando ya anthu inachira yambiri m'manja mwawo, koma wa mkazi wawo, umene ankakhalira posoka pafupi ndi windo, unali wogwedera mwendo. Akawakumbutsa, yankho linali limodzi: "Mawa, mayi." Mawa lakelo linafika mlongo wanga titamuika kale m'manda.

Maliro atatha, alamu anaunyamula mpandowo kupita nawo ku shedi. Anauphwasula, n'kupala guluu wakale m'mabowo mwake. Koma guluu wa zikopa sadikira munthu. Umapaka ali wotentha, n'kulowetsa miyendo asanazizire. Tsono manja a alamu masiku ano amanjenjemera. Akamati alowetse mwendo wachiwiri, guluu walimba kale. Ankatsuka ndi madzi otentha n'kuyambiranso, kutsuka n'kuyambiranso.

Ndinawapeza atakhala pa utuchi, mwendo wa mpando atawufukata.

"Alamu, mwayamba kulera khanda?"

"Tagwirani apa. Zaka zonsezi mwagwira ntchito ndi pakamwa pokha."

"Ine? Sindinakhomepo ngakhale msomali."

"Msomali? Mukautchulanso muno mutuluka."

Ndinagwira. Iwo kupaka, ine kukankha, iwo kulalata, ine kupsa chala. Mpandowo tinaumanga ndi chingwe, n'kupotokola ndi kamtengo mpaka guluu anatuluka m'mbali.

Utauma anandiitana. Anauika pamalo pake paja, pafupi ndi windo, n'kukhalapo. Anapendekera uku, anapendekera uko. Mpando uli nji!

"Mwaiona ntchito ya manja anga?" ndinatero.

Sanaseke. "Mpandowu sukulira."

"Mumafuna uziimba kwaya?"

"Unkalira, alamu. Ndikamapala matabwa kuseriku ndinkangomva kwii, basi ndadziwa kuti mayi akhala pansi, ayamba kusoka. Akadzuka, kwii. Sindinkachita kusuzumira." Anasisita pamene mlongo wanga ankatsamiritsa mkono, pamene polishi inafufutika. "Ndaukonza bwino kwambiri."

Tinangokhala, iwo pa mpando, ine chiimire ngati mlonda.

Mwana wawo wamkazi atabwera kudzawaona, anamuuza kuti aunyamule apite nawo kwake. Iye anakana, akuti bambo muzikhala pa chiyani. Iwo anaukweza okha m'galimoto ya mwanayo, n'kuukulunga ndi bulangeti kuti usakalike.

"Ndi mpando wabwino," anamuuza. "Sugwedera."

Galimoto isananyamuke anali atalowa kale m'nyumba.