Malezala a Bambo Raston

Taganizirani m'mawa wamba ku Kanyenda, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Asodzi akuyanika usipa pathandala, ana akuthamangira kusukulu yaulere. Pansi pa mtengo wa mango pali a Raston, ometa tsitsi, akusesa pabwalo pomwe sipanagwe tsitsi ndi limodzi lomwe.

Kale sizinali choncho. Pamwambo wometa maliro, mudzi wonse unkaweramira lumo la a Raston, lumo limodzi mitu yonse, kusonyeza kuti chisoni n'cha onse. Kenaka akazi awo, a Nester, anadwala. Maso anachita chikasu, mimba inatupa. Kuchipatala ku Boma, mlangizi wa zaumoyo anafotokozera a Raston kuti kachilombo kawononga chiwindi, ndipo kamayenda m'magazi: lumo likacheka wodwala ngakhale pang'ono, wometedwa pambuyo pake atha kutengera. A Raston ankametanso akazi awo ndi lumo lomwe lija.

A Nester atamwalira, tsiku lometa a Raston anatulutsa malezala atsopano, aliyense lakelake.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" anafunsa a Lazaro, alongo awo a malemu. "Matipate afika mpaka pamaliro, aliyense chipani chake? Kapena mukutiyesa a Edzi?"

"Ayi alamu, ndi matenda a chiwindi. Sindikufuna kudzametanso maliro ena pakhomo pano."

"Tangonenani kuti mtundu wathu ukukunyansani!"

Achibale anakametedwa kwina, ndi lumo limodzi. Kuyambira tsikulo amene ankasewera bawo ndi a Raston anasamukira pamtengo wina, ndipo maliro akagwa, wometa ankamuitana kuchokera kumudzi woyandikana. A Raston ankadya okha, kulima mpunga okha. Aliyense wodutsa ankamuuza za chiwindi ndi magazi, koma ambiri ankangoyankha moni osaima.

Oyamba kubwerera anali amayi. Kusukulu kunkafunika mitu yometa, ndipo mayi wina amene anaona mmene a Nester anavutikira anabwera ndi ana ake awiri, malezala awiri atawamanga pansonga ya chitenje. Anzake anatengerapo. Anawo ankamvetsera nkhani ya kachilomboko mitu itawerama, n'kukaibwereza kwawo.

A Lazaro sanakhalenso pampando wometera wa a Raston mpaka kalekale. Koma a Raston atamwalira, pamwambo wometa maliro awo aliyense anametedwa ndi lezala lakelake.