Chipinda cha Magemu cha Yassin

Ku Santhe aliyense ankamudziwa Yassin wokonza mafoni, mwana wa a Khamisi a golosale. Pakamwa pake panali posatopa, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi.

M'kachipinda kuseri kwa golosale anali ndi makina awiri a magemu: chikompyuta chakale chotsala ku esiteti ya fodya, ndi kabokosi ka ku Japan ka mabatani awiri. Iye ankati awiriwa ndi mayi ndi mwana. Azungu ndiwo anayamba magemu oyenda m'mapanga ndi kumenyana ndi zilombo mopatsana mpata, koma anawadzaza Chingerezi. Ajapani anatengako, n'kumeta zochuluka ngati mmene timametera mbande pa nazale, mpaka aliyense n'kutha kusewera. Pamenepa simukanamutsutsa.

Chaka china cha makuponi a Khamisi anafuna chipindacho kuti azisungiramo feteleza wa alimi akutali. Anati magemu ndi zibwana, ndipo akapanda kuonamo munthu wa imvi akusewera tsiku lamsika, makina onse atuluka. Yassin anaseka, koma mumtima munamuwawa, poti chipindacho chinali ulemu wake wonse.

Tsikulo anakoka a Mphepo, katswiri wa bawo, amene anali atatopa pamzere wa feteleza. Ndiye taonani ulemu wopusa! Poti ndi munthu wamkulu, anawakhazika pa makina aakulu. A Mphepo anayang'ana mabatani ambirimbiriwo, anapukusa mutu, n'kutola chipewa chawo. A Khamisi anali pakhomo, thumba loyamba atalitsamiza kale kukhoma.

Yassin anagwada n'kuwapatsira a Mphepo kabokosi kaja ndi manja awiri. Pagalasi panatulukira chilombo. A Mphepo anadikira kuti chiwalumphire, koma chinangoima chilili.

"Kodi chikudikira ine?" anafunsa.

"Eya, mpaka mutaganiza. Mukamenya inu, nacho chimenya," anatero Yassin.

"Ndiye bawo imeneyi," anatero mkuluyo, akukhala pansi n'kuika chipewa pabondo.

Dzuwa linapendeka, malo awo pamzere anapita, iwo osatekeseka. A Khamisi anaima nthawi yaitali kumbuyo kwawo, mpaka anayamba kuwalangiza kuti kamunthu kawo ka m'gemumo kamwe kaye mankhwala kasanamenyenso. A Mphepo anawauza kuti adikire nthawi yawo.

Thumba lija a Khamisi analisenza okha, kukaliika kuchipinda kwawo kogona.